Kabokosi kanga ka masipuling'i kakulira ngati udzudzu, ndalakwitsa pati?

Lolemba usiku

Sipoko wa Zingwangwa: Moni nonse. Kwa miyezi iwiri ndakhala ndikukhoma kabokosi ka matabwa otsala. Pamwamba ndamangapo masipuling'i atatu, awiri a pa sitandi ya njinga yamoto, imodzi ya chitseko. Ndaikaponso masipoko asanu a njinga ngati kalimba, ndi waya wa m'tayala wokoka kuchokera uku kufika uko. Mkati ndamata piezo (kachitsulo kozungulira kotola kunjenjemera kwa thabwa) imene ndinachotsa mu alamu yakufa. Sindikufuna nyimbo zovina ayi. Ndikufuna zija zoyenda mwakachetechete, zopanda ng'oma, zimene amati ambient. Vuto ndi ili: ndikagunditsa khutu pa thabwa ndimamva kugunda kozama ngati mwala wagwa m'chitsime. Ndikalumikiza ku mikisa, kuzama konse kuja kumasowa, kumatsala ka nyiii ngati udzudzu, ndipo pansi pake pali mmmm wosatha.

Bass Yokha: Aise, miyezi iwiri kukhoma bokosi loti lizilira ngati udzudzu? Bwera ku Bangwe kuno, udzudzu tikupatsa waulere.

Sipoko wa Zingwangwa: Ndimadziwa kuti woyamba kuyankha ukhala iweyo.

Madala a Mawailesi: Mwana wanga, uyankhe mafunso awiri. Waya wochokera pa piezo kupita ku jaki ndi wamtundu wanji? Ndipo pa mikisa walowetsa pa bowo liti?

Sipoko wa Zingwangwa: Waya ndi wa sipika, wofiira ndi wakuda uja, madala. Ndalowetsa pa bowo lolembedwa line.

Madala a Mawailesi: Ndiye matenda onse awiri wawatchula wekha. Waya wa sipika ndi wamaliseche, alibe chomuteteza. Amatola phokoso la magetsi a m'nyumba monga mmene eriyo imatolera wailesi. Peza waya wokhala ndi ulusi wa mkuwa wokuta kunja, ngati wa maikolofoni kapena wa gitala. Wapakati upite pa choyera cha piezo, wokuta uja upite pa mkombero wachikasu. Ndipo powotcherera pa choyeracho usachedwe, ungogunda n'kuchotsa. Ukakhalitsa chimasupuka, piezo yatha basi. Ine ndinawononga zambiri ndisanaphunzire.

Kamagetsi: Ndiwonjezere za udzudzuwo. Piezo imachita ngati capacitor (kachipangizo kosunga magetsi) yaing'ono, tinene ya 20 nF. Mukaiika pa line ya mikisa imene ili ndi impedance (kukaniza magetsi) ya 10k, ziwirizo zimapanga sefa yodula mawu apansi. Mukawerengetsa, zonse za pansi pa 800 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kuzama kwa mawu) zimayamba kufooka. Kugunda kwa chitsime kumene mukumva ndi khutu kuli pansi kwambiri pa pamenepo, n'chifukwa chake kukusowa. Mukaipatsa impedance ya 1 megaohm, malirewo amatsika kufika cha pa 8 Hz, kutanthauza kuti palibe chimene khutu la munthu lingamve chikutayika.

Bass Yokha: Ana a ku yunivesite ya MUBAS mwayamba masamu usiku uno?

Kamagetsi: Mwachidule achimwene: piezo ndi yaulesi, imafuna katundu wopepuka. Njira yosavuta ndi kuilowetsa kaye mu pedal ya gitala (kabokosi kopondera kosintha mawu), chifukwa mapedal ambiri amalandira pa 1 megaohm kapena pafupi. Ang'onoang'ono a Boss aja amathandiza ngakhale osawaponda, bola akhale ndi moto, popeza buffer yawo, kagawo kolandira mawu, imagwirabe ntchito. Ngati mulibe, kachipangizo kokuza mawu ngati TL072 imodzi kapena JFET imodzi ndi batire la 9V zikwana.

Sipoko wa Zingwangwa: Pedal ndinali nayo ya delay, yobwereza mawu ija, yogula pa kaunjika ku Limbe. Ndinali nayo, ndikutero.

Nabanda: Mawu akuti "ndinali" akundiopsa. Yapita kuti?

Sipoko wa Zingwangwa: Mabatire ankandithera, ndiye ndinaona adaputala ya rauta yakale ikulowa bwinobwino. Ndinalowetsa. Kanunkha ngati pulasitiki wa pa mbaula, kagetsi kofiira osayakanso.

Madala a Mawailesi: Ayi zachisoni. Tamverani nonse amene muli ndi mapedal. Ambiri amadya 9V, ndipo pakati pa pulagi pamakhala negative. Maadaputala a marauta ndi madikoda nthawi zambiri ndi 12V, pakati positive. Kulowa bwino sikutanthauza kuti n'zapachibale. Pa adaputala iliyonse pali kachithunzi kosonyeza kuti pakati pali + kapena -, muziwerenga. Koma usataye mwana wanga. Kawirikawiri chimene chimafa ndi diode yoteteza, imadzipereka m'malo mwa zinzake. Ubwere nayo ku benchi kwanga ku Ndirande tiione. Sindikulonjeza.

Lachiwiri

Nabanda: Ine ndimaimba kiyibodi ku kwaya ku Chilomoni, za mawaya sindidziwa kwenikweni. Koma funso langa ndi loona mtima, osati lachipongwe ngati la achimwene a ku Bangwe. Nyimbo imeneyi imayamba pati n'kuthera pati? Ndamverapo zingapo pa YouTube, mphindi khumi zatha ndikudikirabe kuti ayambe.

Bass Yokha: Zikomo achemwali. Ine ndimaimba m'maukwati. Nditaika zimenezo anthu angaganize kuti amplifaya yapsa kapena kwagwa zovuta.

Sipoko wa Zingwangwa: Achemwali, mvula ikamagwa pa malata usiku mumadikira kuti iyambe kolasi?

Nabanda: Ayi, ndimangofunda n'kumvetsera.

Sipoko wa Zingwangwa: Ndi zomwezo. Ine chimene chinandikoka ndi chiperoni cha mwezi wa June. Ndinadzuka m'mamawa, phiri la Soche osaoneka, nkhungu yokhayokha. Kutali kumamveka minibasi ikuitanira, tambala, wina akusesa, madzi akudontha pa ndowa. Palibe chimene chimalamulira chinzake koma zonse pamodzi zimakoma. Ndinangoti ndikufuna kupanga chinthu chomveka choncho.

Mphunzitsi Wopuma: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilankhule. Dzina lakuti ambient analitchukitsa ndi Brian Eno wa ku England, pa chimbale chake cha 1978 chimene anachipangira mabwalo a ndege. Koma zopanga zida zaphokoso n'zakale kuposa pamenepo. Luigi Russolo ku Italy anakhoma mabokosi olira ndi chopukusa mu 1913. Chimene chikundisekerera ine n'chakuti mnyamatayu akuona ngati akutsanzira azungu, pamene waya wa m'tayala umene wamanga pa bokosi lakelo ndi womwewo wa pa babatoni, bass yopanga pamanja ija. Ife a ku Chileka tinakula tikumva za ana a Kachamba a kwa Singano, Daniel ndi Donald, amene Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo, anawapeza akuimba m'misewu ya Blantyre mu 1967. Gulu lawo linali ndi bass ya chingwe chimodzi. Mabanjo a zigubu za mafuta tinkapanga tokha tili ana. Lero Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi Madalitso Band akuyenda maiko ndi babatoni. Kupanga chida ndi zotola si nzeru yobwera pa ndege.

Bass Yokha: Apo ndiye ndikuvomera bambo. Koma awo amavinitsa anthu.

Mphunzitsi Wopuma: Si zonse za makolo zinali zovina, mwanawe. Mkangala mtsikana ankaimba yekha, uta uli pakamwa, mawu ake oti munthu wa kutsidya kwa bwalo sangamve. Zida za bangwe ndi kaligo madala ankaimba pakhonde madzulo, kudandaula za moyo. Nyimbo yodziimbira wekha tinali nayo. Chimene tinalibe ndi makina obwezera mawu, ndiye tinkadalira phanga, chigwa ndi chipanda.

Nabanda: Za chipandazo mwandikumbutsa. Agogo anga ankaika kalimba m'chipanda, m'mphepete atamangirira tizitsekerero ta mabotolo kuti tizinjenjemera. Ife ku kwaya timalimbana n'kuchotsa phokoso lotero, iwo ankaliwonjezera dala.

Kamagetsi: Ndiye distortion ya agogo imeneyo, kuphwanya mawu mwadala.

Mphunzitsi Wopuma: Itchuleni mmene mungafunire. Mukapita ku Museum ya ku Chichiri mukayang'ane zida zakale, muone mmene ankaganizira za thabwa, chikopa ndi chipanda. Sipoko, bokosi lako ulitsegule kabowo, ndipo thabwa lapamwamba likhale lopyapyala. Lochindikala silinjenjemera.

Lachitatu

Sipoko wa Zingwangwa: Lipoti. Ndasintha waya, ndaika wa maikolofoni yakufa. Mmmm uja wachepa kwambiri koma sanathe. Ndikagwira jaki ndi chala amachepanso, ndikasiya amabwerera.

Madala a Mawailesi: Ukujambula ndi laputopu ili pa chaja?

Sipoko wa Zingwangwa: Eya.

Madala a Mawailesi: Zula chaja umve. Nyumba zambiri za lendi m'makomboni muno soketi ili ndi mabowo atatu koma lachitatulo silipita kulikonse. Ukagwira ndi chala, thupi lako ndi limene likusintha zinthu. Mkati mwa bokosi umatemo pepala la aluminiyamu, ulilumikize ku waya wokuta uja. Ndipo bokosi likhale kutali ndi machaja a foni ndi mababu otchipa.

Kamagetsi: Chosangalatsa n'chakuti mmmm ameneyo ali ndi noti yake. Magetsi athu ndi 230V pa 50 Hz. G wapansi kwambiri pa bass gitala ndi 49 Hz. Kutanthauza kuti nyumba iliyonse mu Blantyre muno, firiji, thiransifoma ya pa mseu, zonse zikung'ung'udza pafupi ndi G tsiku lonse. Ku America ndi 60 Hz, kumene kuli pakati pa B flat ndi B.

Nabanda: Dikirani. Ndapita pa kiyibodi, ndayatsa firiji, ndagwira G. Zoona! Zikusemphana pang'ono, zikumveka ngati wuwu wuwu.

Kamagetsi: Kusemphanako ndiye chuma chake achemwali. Mawu awiri akasiyana ndi 1 Hz, mumamva kukwera ndi kutsika kamodzi pa sekondi. Oimba drone, nyimbo za mawu okhalitsa, amafunafuna zimenezo. Sipoko, ngati ukufuna mawu okhalitsa oti masipuling'i azisambiramo, gula IC (kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri) yotchedwa 40106. Ili ndi miyendo 14, mkati muli tizipata sikisi, ndipo kalikonse kamasanduka choliza ukangoika capacitor imodzi ndi resistor (kochepetsa magetsi) imodzi. Mwendo 14 ku positive, 7 ku negative. Capacitor ya 0.1 uF kuchokera pa mwendo 1 kupita ku negative, pot (resistor yopotokola ngati ya voliyumu) ya 100k pakati pa 1 ndi 2, mawu utenge pa 2. Upange ziwiri kapena zitatu, uzisakanize kudzera m'maresistor, uzichune moyandikana. Miyendo yolowera imene sukugwiritsa ntchito uimangire ku negative, apo ayi imachita misala. M'malo mwa pot ukaika LDR, resistor yosintha ndi kuwala, umaimba ndi mthunzi wa dzanja kapena kandulo.

Bass Yokha: Kuimba ndi kandulo usiku, bokosi likubuula. Aneba akakuitanira amfumu usadzati sitinanene.

Sipoko wa Zingwangwa: Alandilodi anandifunsa kale ngati ndikuweta chinachake m'chipinda.

Madala a Mawailesi: Nthabwala pambali, lamulo limodzi: zoyeserera zonsezi zikhale za batire. Musatsegule chinthu cholowa ku khoma n'kumagwiragwira mkati kuti mumve mmene chilirire. TV zakale za chimsana zija zimasunga moto ngakhale zitazulidwa. Zidole za ana zoimba, tiwailesi ta mabatire, tikiyibodi ta pa kaunjika, izo seweretsani mmene mungathere. Nyowetsani chala, gwirani pa bolodi, mupeza malo amene mawu amatsika ngati ng'ombe. Pamenepo ndi poika pot.

Lachinayi

Sipoko wa Zingwangwa: Ndinapita kwa madala. Pedal yadzuka theka: mawu akudutsa koma delay kulibe. Ndiye ndabwerera pa ziro. Yatsopano sindingaikwanitse, mitengo ya zinthu zoitanitsa kunja mukuidziwa nokha.

Madala a Mawailesi: Usalire. Pansi pa benchi panga pali maamplifaya a karaoke akufa, aja okhala ndi batani la echo pa maikolofoni. Ambiri mwa iwo muli IC ya miyendo 16 yolembedwa PT2399. Imeneyo ndi delay yathunthu. Anthu amaitaya pamodzi ndi bolodi.

Kamagetsi: PT2399 ndi yabwino zedi pa ntchito imeneyi, ndipo mapedal ambiri otchipa ndi yomweyo ili mkati. Imadya 5V, ndiye muike kotsitsa magetsi kotchedwa 78L05 pakati pa iyo ndi batire, musaipatse 9V mwachindunji. Kutalika kwa delay kumasinthidwa ndi resistance ya pa mwendo 6. Mawu amakhala oyera kufika cha pa 340 ms. Mukapitirira pamenepo imayamba kuda, kubweza mawu ngati wailesi ya shortwave, mchenga uli mbwee. Opanga karaoke amati kumeneko n'kuwonongeka. Kwa inu ndi kumene kuli ndiwo. Chenjezo: pa mwendo 6 muike resistor ya 2k motsatana ndi pot, chifukwa ikayaka resistance ili pafupi ndi ziro nthawi zina imakakamira osagwira.

Madala a Mawailesi: Ndipo sipafunika kuizula. Timadula bolodi mozungulira chigawo cha echo, tizigawo tonse tili kale pomwepo. Ntchito ndi kupeza polowera, potulukira ndi pa moto.

Nabanda: Nanga reverb, kumveka kwa mawu ngati m'chipinda chachikulu? Ine chimene ndimakonda ndi mmene mawu amakhalira m'tchalitchi chachikulu ngati St Michael and All Angels anthu atatuluka.

Madala a Mawailesi: Mayi, reverb ya m'maamplifaya akale a gitala inali sipuling'i basi. Mbali imodzi kachipangizo koigwedeza, mbali ina kotola. Tingapange: kasipika kakang'ono koyendetsedwa ndi IC yokuza mawu ya LM386, sipuling'i yaitali yofewa imangidwe pakati pa kasipikako, kumapeto kwake piezo. Sizimveka ngati tchalitchi, zimamveka ngati uli m'thanki ya madzi. Za njinga yamoto zija n'zolimba kwambiri, zimafuna zofewa.

Mphunzitsi Wopuma: Kapena mupite nalo bokosilo m'kalasi yopanda anthu Loweruka, muike sipika pakona, foni pakona ina. Chipinda chichite ntchito yake.

Bass Yokha: Chabwino, ndilankhuleko zanzeru kamodzi, musazolowere. Delay iyambe, reverb itsatire. Mukatembenuza, delay imabwereza matope. Ndipo feedback, yobwezera mawu otuluka kuti alowenso, musaitsegule muli ndi mahedifoni kumutu. PT2399 ikayamba kudzidya yokha imakwera mwadzidzidzi. Ine khutu lamanzere linalira masiku atatu chifukwa cha mikisa imene ndinailumikiza molakwika, output kubwerera ku input.

Kamagetsi: Achimwene, zimenezo ena amachita dala. Toshimaru Nakamura wa ku Japan amaimba ndi mikisa yokha yopanda cholowetsa, output kubwerera ku input.

Bass Yokha: Ndiye kuti ndinali katswiri osadziwa. Ndani andilipire masiku atatu aja?

Mphunzitsi Wopuma: Pali njira ina imene achinyamata simukuitchula chifukwa simunakule ndi makaseti. Tepi ya kaseti imayenda 4.76 cm pa sekondi. Mukatsegula kaseti, n'kudula tepi yotalika pafupifupi 24 cm, n'kulumikiza mutu ndi mchira, mwapeza chozungulira cha masekondi asanu. Eno ankagwiritsa ntchito matepi ozungulira otalika mosiyana, kuti asamakumane pamalo amodzimodzi. Tinene wina wa masekondi 5, wina wa 7: amakumananso pakatha masekondi 35. Wa 17 ndi wa 23, mpaka masekondi 391, kupitirira mphindi zisanu ndi chimodzi. Nabanda, ndi yankho la funso lanu lija. Siyamba, sithera, imangosinthana malo ngati oimba ulimba awiri, wina akulowa m'mipata ya mnzake.

Madala a Mawailesi: Ndipo ukaphimba mutu wofufuta wa mu wailesi ya kaseti ndi kapepala, zatsopano zimajambulika pamwamba pa zakale osazichotsa. Zakalezo zimangofooka pang'onopang'ono. Mawailesi a kaseti ndili nawo, vuto ndi malamba, ambiri anasungunuka. Osaika labala ya ndalama, imakoka mosalingana.

Sipoko wa Zingwangwa: Kukoka mosalinganako mwina ndikufuna kumene, madala.

Madala a Mawailesi: Zaka zonsezi ndakhala ndikukonza zinthu kuti zimveke bwino. Ana inu mukundipempha kuti ndiziwononge mwaluso.

Lachisanu usiku

Sipoko wa Zingwangwa: Abale, tamverani zimene zachitika. Madala anandidulira bolodi ya echo masana, Kamagetsi anandithandiza 40106 pa foni. Ndinachuna zoliza ziwiri mozungulira mmmm wa m'nyumba uja, popeza ndinalephera kumuchotsa yense. Ndinayamba kujambula cha m'ma 8, ndikukhuza sipuling'i ya chitseko ndi uta wa ulusi wa chiguduli, masipoko ndikuwagunda ndi chofufutira cha pensulo. Pa mphindi ya 6 magetsi anathima. Zanga zonse zinali pa batire, laputopu inapitiriza. Koma mmmm uja anangoti zii. Firiji ya aneba zii, mawailesi a Zingwangwa yense zii. Zoliza zanga ziwiri zinatsala zokha ngati ana amasiye, ndipo kudzera pa thabwa piezo inayamba kutola zinthu zimene sindinazimvepo: mapazi a munthu panja, chitseko cha alandilodi, galu kutali. Sindinaime. Ndaika fayilo pa gulu, mphindi 14.

Nabanda: Ndamvera ndi mahedifoni mumdima, kunonso kulibe magetsi. Pamene pathima paja mtima unachita ngati ndaponda sitepe imene kulibe. Sabata yonse mumafuna kuchotsa phokoso limenelo, litachoka ndi pamene ndinazindikira kuti ndi limene linanyamula nyimbo yonse.

Kamagetsi: Musakonze chilichonse pa mphindi 6 imeneyo. Koma pa 9:40 pali pamene delay yakwera mpaka kuphwanya, mutsitse pang'ono mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity. Muyesenso kutenga masekondi khumi a masipoko muwakoke ndi Paulstretch yotalikitsa mawu, ili momwemo mu Audacity, muwaike pansi pa gawo lachiwirilo.

Mphunzitsi Wopuma: Ine ndikutsutsa. Gawo lachiwiri likhale lopanda kanthu choncho. Mukadzaza dzenjelo mwapha nkhani.

Kamagetsi: Bambo, mphindi zisanu ndi zitatu za zoliza ziwiri zokha n'zambiri.

Mphunzitsi Wopuma: Kwa inu a data yothamanga.

Nabanda: Ine ndili mbali ya aphunzitsi, koma ndikanakonda liwu la munthu, limodzi lokha, long'ung'udza pa G pamene magetsi achoka, ngati munthu walowa m'malo mwa firiji. Ndikhoza kuyesa ngati mwini wake alola.

Sipoko wa Zingwangwa: Achemwali, bwerani. Tipange mitundu iwiri, gulu lisankhe.

Bass Yokha: Ndamvera yonse. Sindivina, ndipo pa ukwati sindidzaika. Koma mwana wanga wa miyezi isanu amene amatisowetsa tulo wagona pa mphindi ya 4. Aise, tumiza ina yaitali, ya ola lathunthu.

Madala a Mawailesi: Mawa 2 koloko ku benchi kwanga, amene akufuna bolodi ya echo abwere, zatsala zitatu. Aliyense abwere ndi batire lake la 9V, langa musalidalire. Nabanda, ngati muli ndi chivundikiro cha poto chakutha mubwere nacho, timatepo piezo mumve mmene chimalirira ndi uta.

Nabanda: Chakutha ndilibe, ndibwera ndi chabwino. Chibwerere kunyumba chisanafike nthawi ya nsima.

Sipoko wa Zingwangwa: Ine ndichedwa pang'ono. Alandilodi azindikira kumene kunapita sipuling'i ya chitseko cha bafa, akuti ndibwezeretse mawa m'mawa iwo akuonerera. Madala, muli nayo ina yofewa ngati imeneyo? Ndi imene ikulira bwino kuposa zonse.

Madala a Mawailesi: Ubwere ndi yakaleyo tiyeze. Alandilodi tiwagulira yatsopano mumsika.